Belu la ku Zumbo ndi Njerwa za pa Kasisi

Munthu wocoka mu mzinda wa Lusaka kulinga kumpoto ca kum'mawa, akapitirira bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, afika pa mudzi wa Misyoni wochedwa Kasisi, m'boma la Chongwe, kumene Asoli akhala moyandikana ndi Alenje. Ulendo wace ndi wa makilomita ngati 30. Pamenepo apeza chalichi, nyumba za ansembe ndi za Asistere, masukulu, nyumba yolereramo ana amasiye, minda yothirira ndi manda. Ambiri amene apita kumeneko aona nyumba cabe, monga momwe munthu wosadziwa kuwerenga aona mizere yakuda pa pepala. Komatu nyumba nayo ili ndi mau ace. Amene aphunzira kuiwerenga adziwa zimene omanga ace anakonda, zimene anaopa, ndi zimene anaiwala.

Pa dziko lapansi pali machalichi ambiri amene anamangidwa ndi zipani za amonke kapena za ansembe, ndipo pambuyo pace eni ace anacoka, ena mothamangitsidwa, ena cifukwa ca matenda kapena ukalamba. Machalichi ena otere ali ciimire kufikira lero, anthu napempheramo Lamulungu liri lonse. Ena asanduka mabwinja mogona mileme ndi akadzidzi. Kodi cimene cisiyanitsa awa ndi awo nciani? Funso limeneli likhudza Kasisi ndi mamisyoni onse akale a dziko la Zambia, pakuti Azungu amene anawayamba atha pang'ono pang'ono, ndipo nyumba zatsala m'manja mwa eni dziko.

Mudzi wa Amonke

Amonke ndiwo amuna amene alumbira kukhala pamodzi moyo wao wonse, osakwatira, opanda cuma ca iwo okha, akumvera mkuru mmodzi. Ku Ulaya amene anawaikira lamulo lomveka ndiye Benedict Woyera, amene anamanga nyumba yace pa phiri la Monte Cassino, m'dziko la Italy, ca m'ma 529. Lamulo lace linati amonke azisonkhana kupemphera kasanu ndi kawiri usana ndi kamodzi usiku, ndipo nthawi yotsala aziwerenga ndi kugwira nchito ndi manja. Linatinso zofunika zonse, monga madzi, mphero, dimba ndi mogwirira nchito za umisiri, zikhale m'kati mwa mpanda, kuti mmonke asakhale ndi cifukwa coyendayenda kunja.

Lamulo limeneli ndilo linabala mamangidwe. Pakati anasiya bwalo la ngondya zinai lozingidwa ndi khonde. Mbali imodzi ya bwalo kunali chalichi, mbali zina kodyera, kogona ndi kosonkhanira. Chalichi anacimanga ngati mtanda wogonekedwa pansi, mutu wace kuloza kum'mawa. Kumutuko, pafupi ndi guwa la nsembe, kunali cigawo cacitali ca amonke okha, ca mipando yopenyana, cifukwa iwo aimba Masalmo mopokezana, mbali iyi ndime imodzi, mbali iyo ndime inzace. Pakati pa cigawo cimeneci ndi malo a anthu wamba panali khoma kapena chinga. Tsono munthu wolowa m'chalichi cotere sasowa womuuza kuti eni nyumba ndi oimba a m'katimo, ndi kuti iye ali mlendo woima kukhomo.

Ajezuiti, amene anayamba Kasisi, sali amonke ai. Cipani cao anaciyamba Ignatius wa ku Loyola, ndipo Papa anacivomereza m'caka ca 1540. Ignatius sanafune kuti anthu ace amangike ndi kuimba pamodzi maora onse. Anafuna kuti atumike kuli konse kukalalikira ndi kuphunzitsa. Cotero chalichi cao cacikuru ca ku Roma, cochedwa Il Gesù, cimene anayamba kumanga m'caka ca 1568, ciri ndi cipinda cimodzi cotakasuka, copanda mizere ya nsanamira pakati, kuti onse aone guwa ndi kumva mlaliki. Zimene zinafika m'maiko a Zambezi tsono ndi zinthu ziwiri zosanganizika: mudzi wodzidalira wa Benedict ndi cipinda colalikiramo ca Ignatius.

Machalichi Awiri a ku England

Pakati pa 1536 ndi 1540 Mfumu Henry VIII inatseka nyumba zonse za amonke ndi za Asistere m'dziko la England, zoposa 800, nilanda cuma cace. Mbiri ya ziwiri mwa nyumbazo ikwanira kuonetsa cimene cipulumutsa chalichi eni ace atacoka.

Yoyamba ndi Fountains Abbey, m'dera la Yorkshire. Anaiyamba m'caka ca 1132 amonke amene anasankha dala cigwa ca kutali ndi midzi, kuti phokoso la anthu lisawasokoneze. Analemera ndi ubweya wa nkhosa, namanga chalichi ca miyala yosema cokongola koposa. Pamene nyumba inatsekedwa m'caka ca 1539, anthu a Mfumu anakanganula mtovu wa pa denga, ndipo pambuyo pace miyala yina inatengedwa kukamangira nyumba ya munthu wolemera. Panalibe mudzi wakuti uciririre. Lero makoma ndi nsanja ziri ciimire popanda denga, ndipo alendo alipira ndalama kuti akaone bwinjalo.

Yaciwiri ndi Tewkesbury Abbey, chalichi ca Abenedikitini cimene cinadalitsidwa m'caka ca 1121. Ici cinali pakati pa mudzi, ndipo anthu a m'mudzimo anazolowera kupemphera m'cigawo ca kumadzulo ca chalichico. Amonke atathamangitsidwa, anthu aja anasonkha ndalama zokwanira £453, ndiwo mtengo umene Mfumu ikadapeza pogulitsa mabelu ndi mtovu wa pa denga, nagula chalichi. Nsanja yace yaikuru ndi nsanamira zace zonenepa zozungulira ziripo lero, ndipo m'katimo mapemphero sanaleke. Miyala ya ku Fountains sinali yofewa kuposa ya ku Tewkesbury. Kusiyana kwace nkwakuti kwina kunali anthu amene anati, nyumba iyi njathu.

Mabwinja a Kuno

Phunziro lomweli lipezeka pafupi, kumene mtsinje wa Luangwa ugwera mu Zambezi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700 amalonda a Cipwitikizi anatsegula msika wa golidi ndi minyanga pa Zumbo, kutsidya kwa malo amene kale anali kuchedwa Feira, ndipo lero achedwa Luangwa. Ansembe a cipani ca Adominikani anadza nao, namanga chalichi ca miyala. Wochuka mwa iwo anali Frei Pedro da Santíssima Trindade, amene anamwalira m'caka ca 1751. Iyeyu anali wansembe, komanso anali mkuru wa msika, wogula golidi ndi mwini akapolo ambiri. Malonda atacepa ndi nkhondo zitacuruka, Apwitikizi anausiya msika m'caka ca 1836. Pamene David Livingstone anapita pamenepo mu January 1856, anapeza makoma a chalichi ali bwinja, ndi belu losweka liri gone pansi, la zilembo I.H.S. ndi cizindikiro ca mtanda.

Belu limenelo liri ndi mlandu umene liunena. Zaka zambiri linaitana anthu, koma amene linawaitana anali amalonda ndi akapolo ao. Chalichi cinadza ndi msika, cinadya za msika, ndipo cinafa pamodzi ndi msika. Anthu a m'midzi yozungulira sanaone cifukwa cofolera denga la nyumba imene sinali yao.

Bwinja lina liri kumpoto, pafupi ndi Mpulungu, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika. Chalichi ca Niamkolo cinamangidwa m'zaka za 1895 ndi 1896 ndi a London Missionary Society, ndipo ndico cakale koposa mwa machalichi a miyala otsala m'Zambia. Makoma ace ndi ocindikala pafupi mita imodzi: mizere iwiri ya miyala yomata ndi dothi, pakati pace zibuma za miyala. Nsanja yace, ya mamita ngati 15, inali cizindikiro ca oyenda pa ngalawa. Koma m'caka ca 1908 matenda a kaodzera anacotsa anthu ku nyanja, Misyoni nisamukira kumtunda. Pano palibe wolakwa, koma mathero ndi omwewo. Khoma la mita imodzi silinathe kusunga chalichi copanda anthu.

Njira ya ku Kasisi

Ajezuiti anathamangitsidwa m'maiko onse a Apwitikizi m'caka ca 1759, ndipo anabweranso ku Zambezi patapita zaka zoposa 100. Anamanga Misyoni ya Boroma pa phiri loyang'ana mtsinje, kumtunda kwa Tete, ndi ya Miruru kufupi ndi Zumbo. M'caka ca 1910 Apwitikizi anacotsa mfumu yao, ndipo Boma latsopano linathamangitsanso Ajezuiti. Ena a ku Miruru anangooloka Luangwa, nayamba nchito pa Kapoche ndi pa Katondwe, m'dziko limene linali m'manja mwa Angerezi. Ambiri mwa iwo anali ocokera ku Poland, ndipo ndico ciyambi ca ansembe a ku Poland m'dera la Lusaka.

Kasisi inayamba zisanacitike zimenezi. M'caka ca 1905, caka comwe njanji inafika pa mudzi wa mfumu Lusaaka, Bambo Joseph Moreau anayamba Misyoni ya Chikuni pakati pa Atonga, ndipo Bambo Jules Torrend anapitirira kumpoto nakhazikika pafupi ndi mtsinje wa Ngwerere. Torrend anabadwira ku France m'caka ca 1861, nagwira nchito zaka zingapo m'mamisyoni a m'dziko la Apwitikizi asanafike kuno. Anali katswiri wa zinenero. M'caka ca 1891 anasindikiza buku lalikuru loyerekeza zinenero za Abantu, ndipo dzina lakuti Bantu Botatwe, limene liphatikiza Atonga, Aila ndi Alenje, lidziwika kwambiri cifukwa ca mabuku ace. Dzina la malowo liri ndi mbiri yacenso, pakuti liu lakuti kasisi m'Ciswahili litanthauza wansembe, ndipo linacokera ku Ciarabu.

Pambuyo pace Misyoni inalowa m'manja mwa Ajezuiti a ku Poland. M'caka ca 1927 Papa anapatula dera la Broken Hill, umene uli mzinda wa Kabwe lero, naika Bambo Bruno Wolnik kuliyang'anira. M'caka ca 1928 anafika Asistere a ku Poland a cipani ca Little Servants of Mary Immaculate, amene alera ana amasiye pa Kasisi. M'caka ca 1946 anafika Bambo Adam Kozłowiecki, amene anakhala zaka zoposa zisanu m'ndende za Ajeremani, ndiko kunena Auschwitz ndi Dachau pakati pa zina. Iye anayambira nchito pa Kasisi akuyang'anira masukulu, ndipo m'caka ca 1959 anakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. M'caka ca 1974 Brother Paul Desmarais wa ku Canada anayamba sukulu ya zaulimi ya Kasisi Agricultural Training Centre, imene pambuyo pace inachuka ndi ulimi wa manyowa wosadalira feteleza.

Zoyenera Kuyamika

Woyesa mamangidwe a Kasisi asayambe ndi kuyang'ana khomo la chalichi lokha. Ayambe ndi mudzi wonse, pakuti luso lalikuru liri m'kaikidwe kace. Malo anasankhidwa pafupi ndi madzi ndi nthaka yolimika. Nyumba yopemphereramo, sukulu, nyumba ya ana, khola, munda ndi manda ziri pamodzi, kotero kuti munthu akhoza kubatizidwa, kuphunzira, kupeza nchito ndi kuikidwa popanda kucoka pamenepo. Umenewu ndi mudzi wa Benedict uja, koma khomo lace nlotsegukira anthu a kunja. Amonke a ku Fountains anathawa anthu. A pa Kasisi anasonkhanitsa ana amasiye ndi alimi. Pa mfundo imeneyi Kasisi ifanana ndi Tewkesbury, ndipo ndiyo mphamvu yace yoposa.

Caciwiri coyamika ndi zomangira. Mamisyoni a masiku aja anayamba ndi nyumba za mitengo, zomata ndi dothi ndi zofolera ndi udzu, monga nyumba za m'mudzi. Pambuyo pace anaumba njerwa pomwepo. Dothi analikumba, kawiri kawiri pa culu, naliponda ndi mapazi, nalithira m'cikombole, naliyanika pa dzuwa atafunditsa udzu kuti lisang'aluke. Tsono anamanga uvuni, nasonkha moto usana ndi usiku masiku angapo. Nyumba yotere ioneka ngati yamera pa nthaka yace, cifukwa maonekedwe a khoma ndi maonekedwe a dothi la pamalopo.

Omanga aja anadziwanso dzuwa ndi mvula ya dziko lino. Khoma locindikala licedwa kutentha, kotero kuti m'nyumba muzizira ngakhale mu October. Denga lalitali lipatsa mpweya wotentha malo okwerako. Khonde licinjiriza khoma ku mvula ya mphepo, ndiponso lipatsa odwala ndi odikira malo okhala pamthunzi. Khomo ndi zenera zokhota pamwamba ngati uta siziri zokometsera cabe ai. Njerwa zoikidwa motero zikanikizana zokha, ndipo zisenza khoma la pamwamba popanda mtanda wa mtengo umene ciswe cikadadya. Wofuna kudziwa kufunika kwa nzeru zimenezi alowe masana m'nyumba ya makono ya makoma opyapyala ndi malata ofika pafupi ndi mutu.

Cacitatu ncakuti kumanga chalichi kunali sukulu. M'zipani za Akatolika omanga ambiri anali Abale, ndiwo amuna olumbira m'cipani koma osadzozedwa unsembe, ndipo pansi pao anyamata a m'midzi anaphunzira kuumba, kumanga, kupala matabwa ndi kusula. Cimene manja otere akhoza kucita cioneka bwino ku Blantyre, m'dziko la Malawi, kumene chalichi ca St Michael and All Angels cinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anaciganiza, sanaphunzire za mamangidwe, ndipo anchito ace sanaonepo nyumba yotere. Koma anaumba njerwa za mitundu 81, ndipo nyumbayo iri ciimire.

Zoyenera Kudzudzula

Kuyamika kokha sikuyesa. Colakwa coyamba ciri m'mabuku a mbiri. Iwo achula Bambo wakuti ndi Mbale wakuti, caka cimene anafika ndi caka cimene anamwalira. Koma amene anaponda dothi, amene anagona pa uvuni kusonkha moto, ndi amai amene anatunga madzi ndi kumweta udzu, kawiri kawiri alibe maina. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Cinthuci si ca ulemu wokha ai. Mwana amene adziwa kuti agogo ace ndiwo anaumba njerwa za khoma lakuti, sadzalola kuti khomalo ligwe. Kuiwala maina a amisiri ndiko kudula cingwe cimene cikadamanga mudzi ku nyumbayo.

Colakwa caciwiri ndi maonekedwe a cipinda copemphereramo. Machalichi ambiri a mamisyoni ndi aatali ndi opapatiza, mipando yace yandanda ngati m'sitima, munthu ali yense akupenya nkhongo ya mnzace. Koma anthu a dziko lino akakhala ndi nkhani yaikuru akhala mozungulira pa bwalo, napenyana nkhope. Nyimbo yao ifuna ng'oma, kuomba m'manja ndi malo oponda. Cipinda ca Ignatius cinamangidwira khutu lomvera mlaliki mmodzi, ndipo cipanikiza msonkhano umene upemphera ndi thupi lonse. Zifanizo nazo zinadza m'mabokosi kucokera ku Ulaya, za nkhope zoyera ndi tsitsi lalitali, ngati kuti m'dziko la osema mitondo, ng'oma ndi zigoba munalibe wodziwa kugwira sompho. Kuti njira yina inali yotheka aonetsa a Misyoni ya Cyrene pafupi ndi Bulawayo, kumene ana a sukulu anajambula makoma a chalichi m'zaka za m'ma 1940. A ku Serima, m'Zimbabwe momwemo, kumene anyamata anasema zitseko ndi mizati. Ndi a ku Mua m'Malawi, kumene Bambo Claude Boucher anayamba nyumba ya zosema ya KuNgoni m'caka ca 1976. Msonkhano waukuru wa Maepiskopi wa ku Vatican, wa 1962 kufikira 1965, unalola Misa m'zinenero za anthu, ndipo pambuyo pace guwa linasendezedwa kuti wansembe apenye anthu. Koma kusendeza guwa nkwapafupi, khoma silisendezeka.

Pano payenera cilungamo. Munthu ali kutali ndi kwao amanga cimene akumbukira. Wansembe wa ku Poland kapena wa ku France, wodwala malungo ndi wosowa ndalama, anamanga chalichi conga ca m'mudzi umene anabadwira, ndipo nkobvuta kumuimba mlandu waukuru. Mlandu ugwera omanga a lero, ngati iwo, ali ndi ufulu ndi amisiri ophunzira, angotsanzira cipinda comweco ndi kucikuza.

Colakwa cacitatu ndi malata. Iwo anathetsa mantha a moto ndi nchito yofolera caka ndi caka, ndipo njanji inawafikitsa mosabvuta. Koma pansi pa malata opanda siling'i mutentha m'cilimwe, ndipo mvula ikagwa mlaliki angooneka milomo kugwedezeka. Nyumba yomangidwira kumva mau igonja kwa mvula ya mu January. Udzu wofoleredwa bwino unalibe cirema cimeneci.

Colakwa cacinai ndico cacikuru, ndipo cimveka m'kalankhulidwe. Zaka zambiri anthu popita ku Misyoni anali kunena kuti apita kwa Abambo. Munda unali wa Abambo, ng'ombe za Abambo, belu la Abambo. Cikaonongeka cinthu, anadikira Abambo kuti alembe kalata ku Ulaya. Mpanda wa Benedict, ngakhale unatseguka, unasiya mthunzi wace m'mitima. Komatu mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ndipo nyumba imene anthu aiyesa ya mlendo iyenda njira ya ku Zumbo.

Za Masiku Ano

Adam Kozłowiecki anaona cinthu cimeneci msanga. M'caka ca 1969, patapita zaka zisanu dziko litalandira ufulu, anatula udindo wace kuti mwana wa dziko akhale Arkiepiskopi wa Lusaka, iye nabwerera kukagwira nchito ya wansembe wa kumidzi kufikira imfa yace m'caka ca 2007. Udindo tsono unaperekedwa. Cotsala ndi cakuti Akristu wamba alandire makoma ndi madenga monga colowa cao.

Adani a nyumba zakale lero sali asilikari a mfumu ai. Woyamba ndi kadontho ka pa denga kamene palibe aciyesa kanthu, kamene kaoletsa phaso, phaso nkugwetsa mtanda. Waciwiri ndi ciswe. Wacitatu ndi manyazi, pakuti alipo ena amene ayesa cakale ciri conse cizindikiro ca umphawi. Iwo afuna kugumula nyumba ya makolo kuti amange yaikuru yonyezimira, kapena amata njerwa zofiira ndi simenti yolimba imene itsekera cinyezi m'khoma, njerwa nkufumbutuka m'kati. Msonkhano ukakula nkoyenera kumanga chalichi catsopano, koma cakale cikhoza kutsala pambali ngati nyumba ya mapemphero a m'mawa, ya maphunziro kapena yosungiramo mbiri. Wacinai ndi mzinda. Lusaka, umene unali kasiteshoni ka njanji pamene Torrend anafika, unakhala likulu m'caka ca 1935, ndipo lero nyumba zace zatambalala kulinga ku Chongwe. Pamene malo akwera mtengo, munda ndi manda a Misyoni ziyamba kuoneka ngati mapuloti.

Boma linaikapo lamulo. M'caka ca 1989 linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo lamulo lace linawerenga nyumba ndi mabwinja a kale caka ca 1924 cisanafike ngati cuma ca mtundu cosayenera kuonongedwa. Niamkolo isungidwa motero. Koma lamulo likhoza kuletsa munthu kugumula khoma. Silikwera pa denga kukakhoma msomali.

Apa ndipo pali nchito ya anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu, Akatolika ndi a mipingo yina yomwe, pakuti Misyoni iri yonse yakale iri ndi mlandu womwewu. Wodziwa kulemba apite kwa nkhalamba za m'midzi yozungulira zisanathe, akafunse amene anaumba njerwa, kumene anakumba dothi, kumene anadula mitengo ya mukwa, ndi nyimbo zimene anaimba ponyamula. Alembe maina m'buku, ndipo buku likhale m'chalichi. Wodziwa masamu ayese utali ndi ufupi wa nyumba najambule pulani yace. Wophunzira zomanga afunse amisiri akale kasanganizidwe ka laimu ndi mcenga, kuti pokonza khoma lakale asaliphe ndi simenti. Ndipo akuru a mpingo aike mwambo wakuti caka ciri conse, mvula isanagwe, pa nyengo imene Asoli a kwa Nkomeshya acita mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula, anthu akwere kukaona denga, monga acita ndi nkhokwe zao.

Anthu a ku Tewkesbury sanali olemera kapena ophunzira koposa anzao. Anawerenga mtengo wa mabelu ndi wa denga, nasonkha. Anthu a ku Kasisi, a ku Katondwe ndi a ku Chikuni safunsidwa kugula kanthu, pakuti makolo ao analipira kale ndi thukuta pa uvuni. Afunsidwa kokha kudziwa kuti nyumbazo nzao, ndi kuzisamala monga munthu asamala cace.